Chingwe cha mbedza: chifukwa chake chokhuthala sichigwira ntchito pa reel iliyonse

Mwana wa mlongo wanga atabwerako ku Joni anabwera ndi ndodo yowedzera ya zigawo ziwiri, reel yake (kachipangizo kopukusa kokulungira chingwe), ndi kabokosi ka nyambo zochita kupanga, zina zachitsulo zonyezimira, zina zapulasitiki zooneka ngati usipa. Chingwe chokha ndi chimene analibe. Anapita pamsika ku Kamuzu Road n'kugula nayiloni yokhuthala ija timawedzera kampango pamanja, n'kuikulunga pa reel mpaka kudzaza. M'mawa mwake tinali pamchenga ku Senga Bay, moyang'anizana ndi chilumba cha Namalenje. Ataponya koyamba, chingwe chinavumbuluka chokha pa reel ngati waya wa sipuling'i, nyambo inagwera pompano, ndipo pamphete yoyamba ya ndodo panali chimtolo chopiringizana chimene tinakhala nacho pansi theka la ola tikumasula.

"Malume, andigulitsa chakufa," anatero akuitembenuzatembenuza reel ija m'manja.

Reel inalibe vuto lililonse. Ndinamuonetsa timanambala tating'ono tolembedwa pambali pa spool, kamgolo kaja kamene chingwe chimakulungidwapo. Panali 0.25mm ndi 0.30mm, ndipo pafupi ndi nambala iliyonse panali kutalika kwa chingwe chimene chingakwanepo. Opanga reel anali atanena kale chingwe chimene akufuna. Iye anaikapo cha 0.60.

Sindinamudzudzule, chifukwa ife tonse a kunyanja kuno tinakula tikudziwa kuti chingwe chabwino ndi chokhuthala, ndipo maganizo amenewa ali ndi pogwira. Munthu amene akuwedza pamanja ali m'bwato usiku alibe chomuthandiza. Kampango akakoka, mphamvu yonse imathera m'chingwe ndi m'zala. Chingwe chopyapyala chimacheka khungu ngati lumo, ndipo chikagwera pansi pa bwato, pakati pa nkhafi ndi chitini chokapira madzi, chimasokonezeka moti sungachimasule mumdima. Chokhuthala chimagwirika bwino, chimamasuka msanga, chimapirira kukhuzika pamphepete mwa bwato. Pamenepo 0.60 kapena 0.80 ndi nzeru zenizeni. Koma ukatenga ndodo ndi reel, ntchito ija yagawidwa patatu. Ndodo imapindika n'kulandira kugwedeza kwa nsomba. Buleki ya reel, imene pa Chingerezi amati drag, imalolera chingwe kutuluka pang'onopang'ono nsomba ikakoka mopyola muyeso. Chingwe chimangosenza gawo lake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo apa mitu ilipo itatu. N'chifukwa chake chingwe cholembedwa kuti chimaduka pa makilogalamu 6 chimatha kubweretsa nsomba yolemera kuposa pamenepo, pakuti nsomba ikakhala m'madzi sukuinyamula, ukungoitopetsa.

Pa paketi ya chingwe pamakhala manambala awiri. Yoyamba ndi kukhuthala, m'mamilimita. Yachiwiri ndi mphamvu imene chingwe chimadukira, m'makilogalamu kapena m'mapaundi, amene amalembedwa lb. Paundi imodzi ndi pafupifupi magalamu 450, choncho chingwe cha 10lb chimaduka pa makilogalamu 4 ndi theka. Pa nayiloni wamba, 0.25 imakhala cha m'ma kilogalamu 4 kapena 5, 0.30 cha m'ma 6 kapena 7, 0.40 cha m'ma 10 kapena 11, ngakhale makampani amasiyanako. Pa manambala awiriwa, ine ndimayamba ndayang'ana kukhuthala. Kukhuthala ndi kumene kumanena ngati chingwe chikhale bwino pa spool, ngati chiponyeke kutali, ngati nyambo imire, ndiponso ngati nsomba ichione. Nambala ya mphamvu pa mapaketi ena otsika mtengo imakhala yongokopa wogula, pamene kukhuthala ukhoza kukuona ndi maso poyerekeza ndi chingwe china chimene ukuchidziwa.

Chimene chinachitikira mphwanga chija chimachokera pa kapangidwe ka reel yofala kwambiri, ya spinning, imene imalendewera kunsi kwa ndodo. Pa reel imeneyi spool sizungulira poponya. Imangokhala chete, ndipo chingwe chimavuuka kutsogolo mozungulirazungulira chikukokedwa ndi kulemera kwa nyambo. Nayiloni ili ndi khalidwe losunga maonekedwe a chinthu chimene yakulungidwapo. Ikakhala yopyapyala, khalidwe limeneli n'lofooka, imawongoka yokha. Ikakhala yokhuthala imakana kupindika pa kamgolo kakang'ono, ndipo ukangotsegula kawaya kaja kamene kamagwira chingwe, mikombero isanu kapena khumi imadumphira kunja nthawi imodzi. Ina imakodwa pamphete, ina imakolana yokhayokha. Ngakhale itapanda kukolana, mkombero uliwonse umamenya mphete za ndodo n'kubweza liwiro la nyambo. Kanyambo ka magalamu 10 sikangakoke chingwe cha 0.60 kupita nacho kutali. Choncho reel yaing'ono, zija zolembedwa 2000 kapena 2500, imafuna nayiloni ya pakati pa 0.20 ndi 0.28. Ya 4000 imalandira 0.30 kapena 0.35. Kupitirira pamenepo pamafunika reel yaikulu ya spool yotakata.

Pa mitundu itatu ya zingwe imene ndifotokoze pano, choyamba ndi nayiloni, imene tonse timaidziwa, moti ambiri timangoti "nayiloni" potanthauza chingwe chilichonse cha mbedza. Inatulukiridwa mu 1935 ku kampani ya DuPont ku America, ndi gulu lotsogozedwa ndi Wallace Carothers, ndipo pofika 1939 anali atayamba kupangira zingwe zowedzera. Zoyambazo zinali zouma, zovuta kumanga mfundo, ndipo zinatenga mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti pabwere zofewa zimene asodzi anazikonda. Kuno kwathu akuluakulu amakumbukirabe nthawi ya luzi lopota pantchafu ndi ulusi wosolola m'matayala akale. Ubwino wa nayiloni ndi woti imatamuka. Isanaduke imatha kutalika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a utali wake, ndipo kutamuka kumeneku kumakhululukira zolakwa zambiri. Ukakoka mwaphuma, kapena nsomba ikathawa mwadzidzidzi ili pafupi ndi bwato, chingwe chimayamba chalolera. Imamanga mfundo bwino, imapirirako miyala, ndipo imapezeka pamsika uliwonse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa. Kuipa kwake n'kwakuti imamwa madzi n'kufookerako, ndipo dzuwa limaipha.

Apa ndidutsepo pang'ono, chifukwa ena akamva mawu akuti monofilament amayamba kuda nkhawa. Mawuwa amangotanthauza chingwe cha ulusi umodzi wosapota, ngati nayiloni yomweyi. Chimene boma limaletsa ndi maukonde a monofilament, aja opyapyala amene amakola chilichonse ndipo akatayika m'madzi amapitiriza kupha nsomba. Chingwe cha mbedza cha pa reel ndi nkhani ina.

Chachiwiri ndi braid, chingwe cholukidwa. Ukachiyang'anitsitsa chimaoneka ngati ulusi wosokera nsapato, koma chimalukidwa ndi timaulusi tapulasitiki tolimba kwambiri, totchedwa Dyneema kapena Spectra, nthawi zambiri timagulu 4 kapena 8. Chinafala pakati pa owedza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pa mphamvu yofanana, braid imakhala yopyapyala kwambiri kuposa nayiloni, mwina theka lake kapena kucheperapo. Sisunga mikombero, choncho pa reel ya spinning imatuluka mosalala n'kuponyeka kutali. Imayandama, pakuti ndi yopepuka pang'ono kuposa madzi. Ndipo chachikulu, sitamuka.

Kusatamuka kumeneku ndi kumene kumasintha zonse ukamawedza pakuya. Tiyerekeze kuti uli pa boti kunja kwa Nkhotakota, watsitsa nyambo mamita 40 pansi. Pa nayiloni, nsomba ikagunda nyambo, kugundako kumamezedwa ndi kutamuka kwa chingwe chonse chija, ndipo chimene chimafika m'dzanja lako ndi kulemera kosadziwika bwino, ngati wakola udzu. Ukakweza ndodo kuti ulowetse mbedza, mbali yaikulu ya mphamvu yako imangothera potamula chingwe. Pa braid umamva chilichonse. Umadziwa kuti mtovu wagunda mchenga kapena mwala, umamva nsomba ikungolawa, ndipo ukagwedeza dzanja pang'ono mbedza yalowa. Popeza ndi yopyapyala, mafunde ndi mkokomo wa madzi saikankha kwambiri, choncho mtovu wochepa umakwanira kufikitsa nyambo pansi. Munthu amene wawedzapo pakuya ndi braid zimamuvuta kubwerera.

Komabe ndimachenjeza aliyense amene akuthamangira braid chifukwa choona pa YouTube. Chingwe chimenechi chimaoneka kwambiri m'madzi. Chikakhuza mwala wakuthwa chili chokungika chimaduka ngati ulusi wa telala, ndipo m'mbali mwa zilumba zathu ndi miyala yokhayokha. Ndi choterera, moti mfundo zimene tinazolowera pa nayiloni zimapulumuka. Ukachikulunga pa spool yachitsulo popanda choyalira, chimtolo chonse chimazungulira pamodzi nsomba ikakoka, iwe n'kumaganiza kuti buleki yafa. Mankhwala ake ndi kuyamba wakulunga nayiloni mamita angapo pansi, kenako n'kulumikiza braid pamwamba, zimenenso zimapulumutsa ndalama chifukwa sudzaza spool yonse ndi chingwe chodula. M'miyezi ya mwera, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ukaponya moyang'anizana ndi mphepo braid yopyapyala imadzimanga yokha timfundo m'malere, ndipo timfundo ta braid sitimasuka, timangofuna mpeni. Ndipo mbedza ikakodwa pansi, usayerekeze kukulunga braid padzanja kuti ukoke. Ndinaonapo chala chitachekeka mpaka mnofu woyera. Kulunga pa kamtengo kapena pa chigwiriro cha nkhafi.

Palinso nkhani ya braid zotsika mtengo zopanda dzina lodziwika. Ndinagulapo imodzi mu shopu ina ku Lilongwe, yobiriwira bwino, nambala ya mphamvu yaikulu. Patangotha milungu iwiri mtundu unasuluka, chingwe chinayamba kuchita ubweya, ndipo chinali chophwatalala m'malo mokhala chobulungira, moti chinkadzilowerera chokha pa spool. Ndikanatenga ndalama yomweyo n'kugula nayiloni yabwino, ikanandikwanira kudzaza reel kangapo. Kwa munthu amene ndalama zake ndi zowerengeka, nayiloni yabwino ya kukhuthala koyenera imaposa braid yachinyengo kutalitali.

Chachitatu ndi fluorocarbon, chimene pochiona chimafanana ndi nayiloni koma ndi china. Chinayambira ku Japan, ku kampani ya Kureha, imene inatulutsa chingwe cha Seaguar mu 1971. Ogulitsa amakonda kunena kuti sichioneka m'madzi. Zoona zake n'zakuti chimaoneka mochepera. Kuwala kukamadutsa m'chinthu kumapindika, ndipo asayansi ali ndi muyeso wake: pa madzi ndi 1.33, pa fluorocarbon ndi cha m'ma 1.42, pa nayiloni ndi kupitirira 1.5. Popeza nambala ya fluorocarbon yayandikira ya madzi, m'mphepete mwake simunyezimira kwambiri. Ndi cholemeranso, pafupifupi kuwirikiza kawiri kulemera kwa madzi, choncho chimamira msanga. Sichimwa madzi, dzuwa silichiononga msanga, ndipo chimapirira kukhuzika. Koma ndi chouma kuposa nayiloni, ndipo ukadzaza nacho reel yaing'ono ya spinning ukumana ndi mavuto omwe aja a mphwanga. Ndi chodulanso. Ntchito yake yabwino ndi kukhala kachigawo kakutsogolo, mita imodzi kapena iwiri pakati pa chingwe chachikulu ndi nyambo. Kakoyilo kamodzi kakang'ono kakhoza kukutengera chaka.

Kodi kachigawo kameneka n'kofunikadi? Zimatengera madzi. M'chilimwe, nyanja itadekha, pa Senga Bay umatha kuona mchenga pansi uli m'bwato, ndipo nsomba za m'nyanja yathu zambiri zimasaka ndi maso. Pamenepo braid yobiriwira kapena yachikasu yofika mpaka pa nyambo ikukuonongera mwayi. Koma pita pamathiriro a Linthipe kapena a Bua mu Febuluwale, madzi ali ofiira ndi dothi la kumtunda, kapena ukalowe m'thamanda la Chia pakati pa bango ndi udzu ukufuna mlamba. Kumeneko nsomba ikutsata fungo ndi kugwedezeka kwa madzi, ndipo palibe chifukwa chotayira ndalama pa fluorocarbon. Chimene ukufuna ndi chingwe chokhoza kuzula nsomba m'udzu isanadzikulunge, nayiloni ya 0.40 kapena braid yamphamvu. Ndipo ngati fluorocarbon palibe, nayiloni yoyera yosapaka mtundu imagwira ntchito yomweyo mokwanira.

Tsopano nyambo, pakuti apa ndi pamene anthu ambiri sayang'ana n'komwe. Nyambo yochita kupanga ilibe fungo, ilibe kukoma. Chimene chimanyenga nsomba ndi mayendedwe ake, ndipo mayendedwewo amadalira chingwe chimene chikuikoka.

Tiyambe ndi zachitsulo, supuni ndi spinner, zimene zimaphethira ngati usipa wovulala ndipo mcheni ndi mpasa zimazikonda. Zimenezi zimazungulira kapena kugwedezeka zikamakokedwa, ndipo kuzungulira kulikonse kumapota chingwe. Pakatha maponyo 30, nayiloni yako ukailekerera imadzipinda yokha ngati chingwe cha luzi. Reel ya spinning nayonso imawonjezera kupotako, makamaka ukamapukusa chigwiriro pamene nsomba ikutulutsa chingwe pa buleki. Kachitsulo kozungulira kotchedwa swivel, komangidwa pafupifupi theka la mita kuchokera pa nyambo, kamachotsa vuto lalikulu. Chingwe chikapoteka kale, dula nyambo, tulutsa chingwe chopanda kanthu kumbuyo kwa boti likuyenda, chikokedwe m'madzi kwa mphindi zingapo, kenako kulunga. Madzi amachiwongola okha.

Nyambo zapulasitiki zooneka ngati kansomba, zokhala ndi kamlomo kutsogolo ndi mbedza za mano atatu, zili ndi nkhani yakeyake. Mbedza zimenezi ndi zazing'ono ndipo nthawi zambiri zimangogwira pakhungu la mlomo. Ukazikoka ndi braid yosatamuka pa ndodo youma, nsomba ikapukusa mutu mlomo umang'ambika, n'kupita. Apa kutamuka kwa nayiloni, kumene pakuya kunali vuto, kwasanduka thandizo. Ndiponso kukhuthala kwa chingwe ndi kumene kumalamula kuya kumene nyambo yotere ifike. Ukamaikoka kumbuyo kwa boti pofuna mcheni, madzi amakankha chingwe chonse n'kuchikwezera pamwamba. Chokhuthala chimakankhidwa kwambiri, choncho nyambo imayenda pamwamba. Chopyapyala chimadula madzi, nyambo imamira. Anthu awiri akhoza kukhala pa boti limodzi, nyambo zofanana, liwiro limodzi, wina n'kumapha wina ayi, kusiyana kuli pa 0.28 ndi 0.45. Wosaphayo amaganiza za mwayi, mwinanso za mankhwala, pamene nyambo yake ikungodutsa pamwamba pa nsomba.

Nyambo zoyandama, zimene zimasewera pamwamba pa madzi, zimafuna chingwe chosamira, braid kapena nayiloni. Fluorocarbon imazikokera mphuno pansi n'kupha kasewero kake. Nyambo zolemera zotsitsira pansi, za mutu wa mtovu ndi mbedza imodzi yaikulu, zimafuna braid ndi kachigawo kolimba kutsogolo.

Za mano a mcheni anthu amafunsa kawirikawiri ngati pakufunika waya. Mcheni wa m'nyanja muno ali ndi mano osongoka ogwirira usipa, ndipo amakanda chingwe, koma sadula ngati sizasi. Kachigawo ka nayiloni kapena fluorocarbon ka 0.40 kamakwanira, bola uzikapapasa ndi zala ukangomasula nsomba iliyonse. Waya ndi wa nsomba ija ya ku Chikwawa ndi Nsanje imene pa Chingerezi amati tigerfish, yomwe m'nyanja yathu mulibe. M'madzi oyera waya amangothamangitsa nsomba ndi kulemetsa nyambo.

Pali mtundu wina wa reel umene umakhala pamwamba pa ndodo, wotchedwa baitcaster, ndipo umapezeka m'katundu wa kaunjika ndi kwa obwera kuchokera ku South Africa. Pa imeneyi spool imazungulira poponya, ndipo malamulo amatembenuka. Chingwe chokhuthalako chimakhala bwino, chifukwa chimatuluka molunjika osati mozungulira. Vuto lake ndi lakuti nyambo ikachepetsa liwiro m'malere kapena ikagwa m'madzi, spool imapitiriza kuthamanga n'kusanza chingwe mkati mwake, n'kupanga chisa. Chala chachikulu ndi chimene chimagwira spool pa nthawi yake, ndipo zimatenga masiku kuti chizolowere. Wophunzira ayambe ndi nayiloni ya 0.33 kapena 0.35, chifukwa chisa chake chimamasuka ndipo akadula sataya zambiri. Braid yopyapyala pa baitcaster imadzilowerera pakati pa mikombero ina ukakoka mwamphamvu, ndipo poponya kotsatira imaima mwadzidzidzi, nyambo n'kuduka n'kuuluka yokha. Reel imeneyi sigwirizananso ndi nyambo zopepuka kwambiri. Ponena za tima reel totsekedwa kutsogolo, todina batani kumbuyo, timene ana amayambira, timangofuna nayiloni yofewa yopyapyala basi.

Wina akhoza kumva zonsezi n'kuganiza kuti ndiye chopyapyala kwambiri ndicho chabwino. Ayi, ndipo pamene ndimaganizira kwambiri zimenezi ndi pa mtsinje wa Bua. Mpasa imakwera mumtsinje umenewu kuchokera m'nyanja kukaswana, kudutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene kuyambira 2015 ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma. M'kati mwa nkhalangomo sungangolowa ndi ndodo, pamafunika chilolezo cha oyang'anira. Mpasa ndi nsomba yamphamvu, imatha kufika makilogalamu 3 kapena 4, ndipo m'madzi othamanga pakati pa miyala imakoka ngati yolemera kawiri. Nsomba imeneyi yachepa kwambiri poyerekeza ndi kale, ndipo amene amaiwedza ndi ndodo m'malo otetezedwa amaibwezera m'madzi. Ukaigwira ndi chingwe chopyapyala kwambiri, umakakamizika kulimbana nayo nthawi yaitali, ndipo pofika m'manja mwako yatheratu mphamvu, moti ngakhale uibweze mwina sipulumuka. Chikaduka, imapita ndi nyambo ya mbedza zitatu kukamwa. Zonse ziwiri zimandiwawa, pakuti nsombayo inali paulendo wokaikira mazira. Nayiloni ya 0.28 kapena 0.30 pamenepo ndi yoyenera: imaponya supuni bwino, imapirira miyala, ndipo imakulola kumaliza msanga. Kumalizako msanga kulinso ndi phindu lina, chifukwa mu Bua muli ng'ona, ndipo kuphiriphitha kwa nsomba m'mphepete kumaziitana.

N'chimodzimodzi ndi kampango, amene amakonda pansi, pafupi ndi miyala, ndipo amadya kwambiri usiku. Akamva mbedza amathamangira kuphanga. Apa braid yamphamvu ikuthandiza kumva ndi kumutembenuza msanga, koma mita ziwiri zomaliza zikhale nayiloni ya 0.50 kapena 0.60, chifukwa ndi zimene zikhuze mwala. Ndiye kuti nayiloni yokhuthala ija ya pamsika ili ndi malo ake pa ndodo ndi reel, kungoti malo ake ndi kutsogolo, osati pa spool. Pofuna miyala yowedzapo tikumbukirenso kuti zilumba za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo madzi a mamita 100 kuzungulira zilumbazi saloledwa kuwedzamo. Ku Mbenji nako kuli malamulo a mafumu amene amatseka chilumba nyengo ya mvula, ndipo ndodo ya ku Joni sikupatsa ufulu wowalumpha.

Nsomba zambiri zimene ndinaziona zikupita sizinapite chifukwa chingwe chinali chochepa mphamvu. Zinapita pa mfundo. Mfundo iliyonse imafooketsa chingwe, ndipo yomangidwa mwaphuma ikhoza kuchotsa theka la mphamvu yake. Ukayang'ana kumapeto kwa chingwe choduka n'kuona kopotanapotana ngati mchira wa nkhumba, dziwa kuti sichinaduke, mfundo ndi imene inapulumuka. Usanakoke mfundo kuti ilimbe, inyowetse ndi malovu, chifukwa nayiloni ndi fluorocarbon zikakhuzana zouma zimatentha n'kupserera mkati. Mfundo yotchedwa Palomar, yopinda chingwe pawiri n'kudutsitsa mbedza m'kati mwa chingwe chopindacho, ndi yosavuta ndipo imagwira pa zingwe zonse, ngakhale braid. Polumikiza braid ndi kachigawo kakutsogolo, mfundo yotchedwa double uni ndi yophweka kuphunzira, bola mbali ya braid uizunguze kambiri, ka 8 kapena kuposa.

Buleki nayo anthu amaimanga mpaka kumapeto poopa kuti nsomba ithawa ndi chingwe, pamene kuthawa ndi chingwe ndi kumene kumaitopetsa. Muyeso wabwino ndi wakuti buleki iyambe kulolera pa gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu ya chingwe. Sikelo sifunika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ngati chingwe chako ndi cha makilogalamu 6, dzaza botolo la malita awiri, limange kumapeto kwa chingwe, gwira reel yokha n'kukweza pang'onopang'ono. Buleki iyambe kulira botolo likangotsala pang'ono kunyamuka. Ukatero kawiri katatu, dzanja limazolowera lokha.

Dzuwa la ku Salima mu Okutobala silisiya chinthu. Nayiloni imene yakhala ikulendewera pa benchi ya pamsika miyezi ingapo ikhoza kuoneka yatsopano koma itafa kale. Pogula, pempha imene ili m'bokosi kapena m'thumba. Solola pang'ono, manga mfundo wamba, koka. Yabwino imatamuka kaye isanaduke, yakufa imangothyoka, ndipo nthawi zina imasiya kaufa koyera pa zala. Kunyumba usasiye ndodo padenga la khonde kapena m'boti masana onse. Amene amawedza mlungu uliwonse asinthe nayiloni kamodzi kapena kawiri pachaka. Braid imakhalitsa, ndipo mbali yakutsogolo ikatha ukhoza kuitembenuza, yapansi ibwere pamwamba. Chingwe chikamachita ubweya kapena kukandika pamalo amodzimodzi, yang'ana mphete za ndodo, makamaka yakunsonga. Dutsitsamo kathonje, ndipo ngati kakodwa, mphete ili ndi mng'alu umene ukudya chingwe chako pa kuponya kulikonse.

Chimene wadula usachitaye m'madzi kapena pamchenga. Sichiola, ndipo ndinaonapo mbalame ya m'madzi pa gombe la Lifuwu ikukoka mwendo wotupa wozengedwa ndi nayiloni. Kulunga padzanja, ika m'thumba, ukachiduledule kunyumba.

Mphwanga uja tinabwerera naye kunyumba tsiku lomwelo. Tinachotsa 0.60 yonse n'kuikulunga pa kathabwa, kuti tizidulako zigawo zakutsogolo. Tinagula nayiloni yoyera ya 0.25, n'kuiviika m'beseni la madzi ofunda kuti ifewe. Koyilo tinaigoneka pansi chafufumimba, chingwe tinachidutsitsa pamphete yoyamba, iye akupukusa, ine nditachipana ndi kansalu konyowa kuti chilowe chokungika. Titapukusa pang'ono tinaima n'kulekerera chingwe kuti tione ngati chikupotana, ndipo chitayamba kudzipinda tinatembenuza koyilo ija. Tinasiya patatsala mamilimita awiri kapena atatu kuti chifike pamlomo wa spool. Kutsogolo tinamanga swivel, theka la mita la 0.40, ndi supuni ya siliva ya magalamu 14.

Kutacha tinapalasa kupitirira pamene mafunde amayambira kusweka, nyanja ili bata, ma boti a chilimira akubwerera kugombe. Kuponya kwake koyamba chingwe chinatuluka mwakachetechete mpaka supuni inakagwa patali moti sitinamve kugwa kwake. Anawerenga mpaka 10 kuti imire, n'kuyamba kupukusa. Pa kuponya kwachisanu ndi chimodzi nsonga ya ndodo inagwada, buleki inalira, ndipo dzanja lake linathamangira kukaimanga.

"Isiye, mphwanga, isiye ipite," ndinamuuza.

Anachotsa dzanja. Chingwe chinatuluka mamita angapo, chinaima, ndipo anayamba kubweza. Mcheni unaonekera pansi pa bwato ukung'anima, supuni ili pakona ya mlomo.